Miyendo ya Zuze

Yusufu, bwera nalo kuno thabwa lakolo. Ayi, sindikulanda, ndingofuna ndilione m'mphepetemu. Halima, sendera uko, ukunditchinga kuwala. Ndipo ana inu, ndikamakuyankhulani Chichewa muzindiyankhanso Chichewa. Izi zoti ine ndikufunsa bwinobwino inu n'kumangoti “hongu sekuru, hongu sekuru” m'malo moti “inde agogo” zimandichititsa ngati ndikucheza ndi ana a eni ake.

Ehe. Ndiye ili ndilo mukuti siketibodi. Kupepuka kwakeko! Lili ngati kamtengo kodyera aizikirimu, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi, konse kopindikira m'mwamba. Loyamba limene ndinaliona ine silinali chonchi. Linali lotambalala ngati nsomba yonenepa, mutu wosongoka pang'ono, mchira umodzi wokha wotukuka. Sunkafunsa kuti kutsogolo n'kuti. Inu a masiku ano ngakhale matabwa anu sadziwa kumene akulowera.

Musaseke. Ika chala apa, Halima, uwerenge mizere iyi. Isanu ndi iwiri, si choncho? Limeneli si thabwa limodzi. Ndi timatabwa topyapyala ngati chikuto cha buku, tomatidwa ndi guluu, tina togona m'litali, tina topingasa. Nzeru imeneyi ndinaiphunzira bambo anu Saidi akadali kamwana koyenda kopanda kabudula, ndipo sindinaiphunzire chifukwa cha masewera. Ndinaiphunzira chifukwa cha mnzanga wina dzina lake Zuze.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba ya pakhonde yokangana ndi wailesi. Koma manja awa agwira ntchito ku wekishopu ya mgodi kuyambira ndilibe ndevu. Bambo anga anachoka kwathu ku Malawi wapansi, kugona m'tchire, kuoloka mitsinje atasenza kamtolo pamutu, kudzalowa pansi pa nthaka ya Bindura ino. Chifuwa chimene anatuluka nacho kumeneko ndicho chinawalumbiritsa kuti mwana wawo sadzakwera kheji. Kheji ndi chikepe chija chotsitsa anthu mumgodi. Ndiye anandipereka kwa akalipentala. Ndinayamba ndi kusesa utuchi, kenako kuphika guluu. Eya, kuphika. Guluu wa nthawi imeneyo ankabwera wouma ngati zidutswa za sopo, unkamuika m'chitini pamoto, fungo lake ngati zikopa zowola. Ukaweruka agalu a komboni yonse ankakuperekeza. Landa yathu yosalazira matabwa inali yamtengo, macheka a manja, chiboolero chopukusa utachitsamira ndi chifuwa. Zamagetsi zinabwera ine ndili kale ndi banja.

Kupenta ndinakuyamba mosayembekezera. Mkulu amene ankalemba zikwangwani anayamba kunjenjemera manja, ndipo kapitawo anaona kuti ine ndimalemba bwino manambala pa matabwa. Basi, burashi m'manja. Ntchito yaikulu inali chibade. Pamene pali magetsi oopsa, posungira zophulitsira miyala, pa dziwe la madzi a mankhwala, ponsepo pankafunika chibade cha munthu, mafupa awiri opingasa, pansi pake mawu akuti NGOZI. Ndinajambula zibade zambiri moti ndikanatha kujambula nditatsinzina. Shehe wathu wa nthawi imeneyo, munthu wofatsa, anandiitanira pambali tsiku lina titatuluka swala ya Lachisanu.

“Che Adamu, ndamva kuti mumajambula nkhope za anthu.”

Ine ndinati, “Shehe, zimene ndimajambulazo zilibe maso, zilibe mpweya, ndipo zimapulumutsa amoyo.”

Anaganiza kaye, n'kunena kuti, “Chabwino. Koma tsiku limene mudzaikepo maso, mudzabwere tidzakambirane.”

Ku komboni nyumba zinali zogundana, khoma limodzi mabanja awiri. Kuseri kwa khoma lathu kunali Zuze ndi mkazi wake Mai Fulora. Makolo a Zuze anachokera cha ku Tete, iye anakulira pa famu ya fodya njira ya ku Shamva, Mkhristu wa kolona m'khosi. Wamtali, miyendo ngati milongoti. Pansi ankagwira jekihama, makina oboolera mwala. Loweruka ankasewera mpira mu timu ya mgodi, kumbuyo, ndipo akaumenya mpira unkakagwera pa denga la bhawa, nyumba yomweramo mowa. Ngakhale popita kumpopi ankayenda ngati wamva kuti nyumba ikupsa.

Iye ankanditcha Mchawa, ine ndinkamutcha Mpwitikizi. Ankadya zimene ife sitidya, ndiye agogo anu aakazi, Abiti Juma, anapatula mbale imodzi ya enamelo yothothoka m'mphepete, yoti iziyenda pakati pa nyumba ziwirizi osakhudza za nkhumba. Mbale imeneyo inayenda maulendo ambiri kuposa basi ya ku Harare. Kupita ndi mpunga wa Idi, kubwera ndi chimodho cha Mai Fulora, buledi wophikidwa mumphika makala ali pachivindikiro. Inu mumadya buledi wa m'pulasitiki, woti ukamufinya amasanduka kampira. Chimodho unkadya m'mawa n'kuiwala njala mpaka saireni ya madzulo.

Ufulu utangobwera kumene, chaka china nyengo yozizira, saireni inalira pa nthawi yosakhala yake. Ku komboni aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Amayi anasiya zidebe pampopi n'kuthamangira ku geti. Mwala unali utagumuka kudenga pamalo pamene gulu la Zuze linkaboola. Anatuluka naye wamoyo, koma miyendo inali itaphwanyika moti madokotala anaidula yonse iwiri, pamwamba pa maondo.

Anakhala kuchipatala mpaka mitengo ya misasa inatulutsa masamba ake ofiira aja. Pobwera anabwera ndi wilicheya. Chinali chinthu chabwino, sindingachinyoze. Koma sichinkalowa pakhomo la nyumba za komboni, ndipo kutsogolo kwa khomo lililonse kunkadutsa ngalande. Kuti apite kulikonse pankafunika womukankha ndi wina womunyamula. Anakwerapo pang'ono, kenako anati aichotse pamaso pake. Nkhuku zinayamba kugonapo.

A ku ofesi anamuuza kuti pali ntchito m'chipinda cha nyali, kupereka nyali za pachipewa kwa olowa pansi ndi kuzilandira akamatuluka. Ntchito ya manja ndi pakamwa, ndipo zonsezo anali nazo. Koma ankayenera kumafika yekha m'mawa uliwonse, ndipo malowo sakanamusungira kupyola kuyamba kwa mvula. Ana inu mumvetse apa. Nyumba inali ya mgodi. Wopanda ntchito analibenso nyumba. Nanga Zuze akanapita kuti? Ku Tete kunali nkhondo, komanso sankadziwako ngakhale mtengo umodzi. Pa famu pamene anakulira sakanalandira munthu wosatha kugwira khasu. Ndipo anali ndi ana atatu ang'onoang'ono.

Ine ndinakumbukira tili ana. Tinkatola mabelingi otha kudzala la wekishopu, kuwakhomera ku thabwa, n'kumatsetsereka pa msewu wa phula wotsikira ku sitolo. Phokoso lake ngati sitima. Mabuleki anali zidendene zathu. Chipsera chili pachigongonochi n'cha komweko, ndipo chikwapu chimene ndinalandira pa kabudula wong'ambika ndimachimvabe kukazizira. Ndiye ndinatenga thabwa la paini, mabelingi anayi, ndi timitengo tiwiri tokankhira pansi, n'kupita nazo kwa Zuze.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. “Mchawa, ukufuna ndikapemphe pa renki ya mabasi?”

“Ndikufuna ukagawe nyali,” ndinatero.

Anakwera. Masiku angapo ankayesera kuseri kwa nyumba. Tsiku limene analimba mtima n'kutuluka, anafika pampopi pomwe panali amayi ambiri. Belingi limodzi linagwera m'kangalande, thabwa linang'ambika m'litali kutsata mizere ya mtengo, kuyambira pa bawuti mpaka kumapeto. Zuze anagwa chammbali m'matope. Palibe anaseka. Akanaseka mwina zikanakhalako bwino. Amayi anayamba kulira “maiwe, maiwe,” ndipo anthu anamunyamula ngati thumba la ufa kubwerera naye m'nyumba.

Ndinapanga lina la mlombwa, umene kuno amati mukwa, lochindikala loti silingang'ambike. Zuze analitukula kamodzi ndi dzanja limodzi n'kulisiya ligwe. Linali lolemera moti sakanaliolotsa ngalande yekha.

“Ili ndi bokosi la maliro,” anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Kuyambira pamenepo khoma lathu linangoti zii. Kale tinkamva Zuze akuimba, akukalipira wailesi mpira ukamaulutsidwa, akuseka ndi ana. Tsopano tinkangomva supuni ikugunda mbale, ndi mawu a Mai Fulora akuti, “Baba Fulora, idyani pang'ono chabe.” Mbale ya enamelo inkabwerera ndi chakudya chake chomwe. Masana mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Musana.

Agogo anu sankalankhula zambiri, koma akalankhula unkamva ngati wakhalira msomali. Anandiuza akupeta mpunga, osandiyang'ana n'komwe:

“Bambo a Saidi, tsiku lonse mumajambula zibade za kampani. China chikupangika kuseri kwa khomali, ndipo chimenechi sichikufuna penti.”

Sabata lomwelo injiniya wina, mzungu wa ndevu zofiira, analowa mu wekishopu atapanira chinthu m'khwapa. “Adamu, buya lapa.” Chimenecho n'Chilapalapa, chinenero cha mumgodi, kutanthauza kuti bwera kuno. Linali thabwa la mwana wake, lochokera kunja, mchira utabenthuka pang'ono, ndipo ankafuna ndiusalaze. Ndi lija ndanena lija, longa nsomba.

Nditalitembenuza ndinadzidzimuka. Chibade! Koma osati ngati changa. Changa chinali chaulemu, chongochenjeza. Ichi chinali chitayasama chikuseka, njoka yobiriwira italowa pa diso ili n'kutulukira pa linalo, kumbuyo kwake malawi ofiira ndi achikasu, mzere wakuda wonenepa utazungulira chilichonse. Ndinayendetsapo chala. Penti unkaimva, mtundu uliwonse unali ndi msinkhu wake, chifukwa ankapaka mtundu umodziumodzi kudzera pa nsalu yonga sefa, wina ukauma n'kubwera wina. Iyi yako Yusufu ndi yosalala ngati galasi. Akuti masiku ano chithunzi amachisindikiza pa pulasitiki n'kuchimata ndi kutentha, ngati kusita malaya. N'chokongola, sindikukana, mitundu yake yosawerengeka. Koma chala changa sichipeza pogwira.

Pobenthuka paja m'pamene ndinaona mizere. Ndinafunsa injiniya uja, ndipo anandifotokozera mosaumira. Mtengo wake ndi wa kumaiko ozizira, wolimba, amausenda mopyapyala n'kusanjikiza. Mtengo umang'ambika kutsata mizere yake, ndiye ukaikapo wina wopingasa, mng'alu ukafika pamenepo umasowa njira. Amapanikiza zonse m'chikombole guluu asanaume, n'chifukwa chake mchira umakhala wopindika osabwerera. Ndinaliika pa njerwa ziwiri n'kuimapo. Linangonepa pang'ono n'kuwongoka. Ndinalinyamula ndi zala ziwiri. Ndinapempha kuti ndipite nalo kunyumba nthawi ya nkhomaliro, ndipo anavomera.

Zuze ndinamupeza atagona, nkhope kukhoma.

“Mpwitikizi, taona zimene ana a azungu amapondapo.”

Sanatembenuke. Ndinalilowetsa pakati pa iye ndi khoma, chibade chikumuyang'ana. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, ine n'kumaganiza kuti akulira.

“Ameneyu,” anatero, “ndinakumana naye pansi. Sankaseka chonchi.”

Anadzuka ndi zigongono, analitenga, kuliyesa kulemera, kuligogoda ndi chala. “Nanga amujambuliranji kunsi? Amuona ndani?”

“Amamuona akalumpha. Kapena akagwa.”

“Ndiye kuti tsiku lonse amamukhulitsa kumaso ndi miyala.” Anaseka mpaka kutsokomola. “Zvakanaka. N'zomuyenera.”

Mai Fulora anali ataima pakhomo, dzanja pakamwa.

“Ndingathe kupanga longa ili,” ndinatero. “Lopepuka, losang'ambika, lalikulu loti ukhalepo.”

“Mawu amenewo ndinawamva kale, Mchawa.”

“Uwamvenso.”

Anasisita njoka ija ndi chala. Kenako anati, “Ukapanga, upente. Sindikweranso thabwa lamaliseche.”

Mtengo wa kumaiko ozizira ndikanaupeza kuti ku Bindura? Koma ku kantini kunali mabokosi a tiyi. Inu simunawaone amenewo. Tiyi ankabwera m'mabokosi aakulu a pulaiwudi wopyapyala, m'kati muli pepala la siliva. Theka la komboni linkasunga zovala m'mabokosi amenewa, ndipo bambo anu amene amakukalipirani kuti mwadetsa sofa anagona m'limodzi la iwo ali khanda. Ndinaphwasula angapo, kusankha zidutswa zopanda chiboo, kuzisanja china m'litali china chopingasa. Chikombole ndinaumba cha simenti, chokumbika pang'ono pakati kuti munthu akhazikike osaterereka, kutsogolo ndi kumbuyo kotukuka kuti lizikwera milomo ya ngalande. Kapitawo anandipatsa guluu wosaopa madzi, n'kundibwerekanso jeke wa lole. Ndinapanikiza zonse pansi pa mtanda wachitsulo wa shedi.

Loyamba ndinalitulutsa msanga chifukwa cha phuma, linamatuka ngati masamba a kabichi. Lachiwiri ndinalisiya kumapeto a sabata onse, manja akundiyabwa. Nditalitulutsa ndinaligogoda, linalira ngati ng'oma. Matayala ndinaika a labala, ochotsa ku kangolo kotha kokokera mabotolo a gasi, aakulu ngati sosa, osamira mumchenga. Timitengo tokankhira ndinatikhomera zidutswa za lamba wakale wa konveya kuti tisamaterereke. Agogo anu anasoka katsamiro ka nsalu ya ovolosi. Akuti a masiku ano ena amaikamo ulusi wakuda wolimba ngati waya pakati pa timatabwato, ndipo makina amapanikiza ambirimbiri pa tsiku. Ine ndinali ndi jeke mmodzi ndi mapemphero.

Tsono inafika nkhani ya penti.

“Ndijambule chibade?” ndinamufunsa.

“Ameneyo wandidya zokwanira. Jambula miyendo.”

“Miyendo?”

“Yanga. Unkaidziwa. Ikhale ikuthamanga.”

Ndinajambula ndi penti ya zikwangwani. Kunsi konse chikasu, miyendo iwiri yaitali yakuda, masokosi ofiira a timu ya mgodi, ndi magambutsu, chifukwa anati nsapato za mpira zinali za Loweruka lokha koma magambutsu anali a masiku onse. Kumbuyo kwake fumbi loyera. Ndinaizunguliza mzere wonenepa monga ndinaonera pa thabwa la mzungu. Zibade zonse zija sizinandivutepo, koma katumba ka mwendo wa mnzanga kananditulutsa thukuta. Nditamuonetsa anayang'ana mpaka ndinachita mantha. Kenako analoza ndi chala.

“Wakumanzere unali ndi chipsera apa.”

Ndinatenga burashi yaing'ono n'kuikapo chipseracho.

Shehe atamva anabwera kudzaona yekha. Analizungulira thabwalo manja ali kumbuyo, n'kufunsa, “Maso ali pati?”

“Palibe, Shehe.”

“Ndiye palibenso nkhani. Komatu ikuthamangadi.”

Mvula yozimitsa lupsa inali itagwa kale pamene Zuze anatuluka. Unali m'mawa, nthawi imene amuna amapita ku shifiti m'magulumagulu. Ine ndinkayenda pambuyo pake, anali atandiletsa kumugwira. Atafika pampopi paja anatsamira kumbuyo, mutu wa thabwa unatukuka, anaoloka ngalande. Amuna anamupatsa njira ali chete, ena atazolika, pakuti ambiri a iwo sanapite kukamuona. Musawaweruze. Munthu wolowa pansi safuna kuona zimene pansi pamachita. Pofika potsetsereka Zuze anakweza timitengo take m'mwamba n'kulisiya thabwa lipite.

“Pasopa! Pasopa!” anakuwa, kuchenjeza a kutsogolo.

Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona mphamba. Pa geti anatsika, anakhala pansi, n'kutukula thabwa lija kuti onse aone kunsi kwake.

“Mukuyang'ana chiyani? Miyendo ndi iyi. Amene akufuna mpikisano abwere.”

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunamveka mpaka ku komboni. Mmodzi wa gulu lake lakale anagwada n'kumukumbatira, chipewa chake chikugubuduzika mumsewu.

M'nyumba muja sanachoke. Anagawa nyali mpaka tsitsi linayera. Ankadziwa nyali ya munthu aliyense, ndipo sankaweruka ikatsala ngakhale imodzi yosabwerera, chifukwa nyali yosabwerera ndiye kuti mwini wake akadali pansi. Anyamata atsopano ankawagwira dzanja powapatsa nyali n'kuwauza kuti, “Ukalowa uyambe wayang'ana kudenga, mwala sulonjera.” Ankamumvera kuposa mmene ankamverera zibade zanga.

Tinayenda naye maulendo ambiri. Mpira waukulu ukakhala ku Harare tinkakwera basi ya m'mawa, mabasi akale aja a katundu padenga, osati makombi anu othinana ngati matemba m'chitini. Ankakwera masitepe ndi manja, n'kukuwa kwa kondakitala, “Iwe mukomana, kweza miyendo yanga pamwamba, ndipo usaithyole!” Achilendo ankatong'ola maso. Panjira tinkagula maputi, amene kwathu amati mbuliwuli, ndi nzimbe pawindo, iye akutsutsana ndi basi yonse za timu imene iwine.

Chithunzi chinkakhulika, n'zodziwikiratu. Miyala, milomo ya ngalande, masitepe a tchalitchi. Khirisimasi ikamayandikira ankabwera nalo kuti ndibwezeretse masokosi, ndipo matabwa enieniwo ndinapanga angapo m'zaka zimenezo, lililonse lopepukirapo kuposa linzake. Ndiye iwe Yusufu, dzulo ndinakumva ukudandaula kuti chinjoka cha pa thabwa lakoli chakalika. Ukufuna ulipachike pakhoma ngati kalendala? Likalike. Anakugulira kuti uyendepo.

Atapuma ntchito, Zuze anasamukira ku Musana kumene mwana wake Fulora anakwatiwa. Ife tinali titapeza kale nyumba ino kuno ku lokesheni. Tinkaonana mwa apo ndi apo, pakuti ukalamba umatalikitsa misewu. Ali m'manda a komweko tsopano, iye ndi Mai Fulora. Koma ulendo wake umene ndimaukumbukira kwambiri si wa pa geti uja.

Agogo anu anatisiya m'bandakucha, mwezi wa mvula yambiri. Yusufu unali kumsana, Halima unali usanabadwe. Mukudziwa mwambo wathu, sitigoneka maliro. Saidi anaimba foni ku Musana, koma tonse tinadziwa kuti nkhalamba ija singafike pa nthawi yake. Tinaika dzuwa litangopendeka. Anthu anathira dothi, pemphero la duwa linatha, anayamba kubwerera. Ine ndinakhala pansi pambali pa mtumbira, ndipo nditafuna kudzuka miyendo inakana. Sikuti inkapweteka. Inangokana. Saidi anandigwira mkono, ndinamuuza kuti andisiye. Anakaima patsinde pa mtengo chapatali, osadziwa chochita. Ndinkaganiza za nyumba ino, kuti ndikalowa ndikapeza lichero lawo lili pa msomali, nsapato zawo zili pakhomo, ndipo ndinaona kuti kuli bwino ndingokhala pomwepo.

Kenako ndinamva kugunda kwa kamtengo pansi, ndi matayala akulira. Anali Zuze. Kombi inamusiya pa renki, ndipo kuchokera pa renki kukafika kumanda kwathu mukukudziwa kutalika kwake, ndi chitunda chija. Nkhalamba ya imvi, jekete yakuda ya kutchalitchi ili matope mpaka m'mapewa, matayala atamatirira dothi. Kamtengo kamodzi kanali katathyoka panjira, moti mbali imodzi ankakankha ndi dzanja lenileni. Chikhatho chinali chitasupuka.

Sanandipatse moni. Anafika pambali pa mtumbira, anavula chipewa, anatapa dothi ndi dzanja losupukalo n'kuliika pamwamba pang'onopang'ono.

“Abiti, ndachedwa. Pepani.”

Anapemphera chamumtima monga amapempherera kwawo, ine ndinamusiya. Mvula inayamba kuwaza.

“Adamu,” anatero, “anthu akudikira kunyumba.”

“Sindingathe kudzuka, Zuze.”

“Ndamva.” Anavala chipewa chake, n'kutembenuza thabwa kuloza kunjira. “Koma pa awirife wopanda miyendo ndi mmodzi, ndipo malo amenewo ndinatenga kale ine. Gwira phewali.”

Ndinagwira. Linali lolimba ngati mwala, zaka zonse zija zokankha. Ndinatsamira, ndinadzuka. Tinatsika chitunda chija awiri, iye pansi, ine nditawerama dzanja lili paphewa pake, Saidi akutitsata pambuyo. Pofika pakhomo pano, pamene mwakhalapa, ndinaima. Zuze anakankha chitseko ndi kamtengo kake kotsalako, n'kuyamba kulowa ndiye. Ine ndinamutsata.